Kudimaketa: Mneni Wachingerezi Amene Walowa M'minda Mwathu

Nkhani imene mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito anakamba pa Nathenje kwa ophunzira a Fomu 4, aphunzitsi, mafumu ndi mamembala a makomiti oona za malo

 

Atandipempha kuti ndidzayankhule, anati ndisankhe mutu wothandiza ana pa mayeso a Chingerezi. Kenaka anandinong'oneza kuti mafumu nawo adzakhalapo. Apo mutu unaima. Mfumu yosiya milandu pabwalo ungaiitanire mneni? Ndinagona nalo ganizoli masiku awiri, mpaka ndinakumbukira kuti alipo mneni mmodzi wachingerezi amene anathawa m'kalasi n'kukalowa m'minda mwathu, ndipo masiku ano amamveka kawirikawiri pabwalo la nyakwawa kuposa pabolodi. Mneniyo ndi "demarcate".

Tinamuveka kale zovala za kwathu. Imani pa siteji pano pa Nathenje, kapena pa Nanjiri, mumvetsere anyamata ogulitsa malo akamayankhula pafoni: "Bwana, mapuloti tadimaketa kale, kwatsala awiri okha a kumsewu." Wina akuti, "Dimakeshoni yake ndi fifitini kwa sate." Gogo amene sanapondeko m'kalasi akudziwa kuti akamva mawu amenewa, kubwera anthu a chingwe choyezera ndi thumba la simenti. Mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko mu 1975, ukukwawa kutsata msewu wa M1 kulowera kuno, ndipo mawuwa akuyenda patsogolo pake ngati kalambulabwalo.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, popeza ndalisenza zaka zoposa makumi anayi.

Ndili Fomu 2, azakhali anga anali ndi munda m'mphepete mwa dambo, munda wa kuchikazi umene amayi awo anawasiyira. Malire ake ankadziwika ndi mwana yemwe: kum'mawa chulu chachikulu, pakona mkuyu, kumtunda khonje amene agogo anadzala, kumunsi kanjira ka kuchitsime. Nthawi imeneyo fodya wa bale ankaloledwa kulimidwa m'maesiteti mokha. Alimi a m'midzi anawalola mochedwa, mu 1990. Tsono aliyense wa kandalama ankathamangira kutenga lizi pa malo a makolo kuti atchedwe mwini esiteti. Oyandikana nawo munda azakhaliwo anagwirizana ndi bambo wina wa m'tauni kuti atero. Kalata inabwera kudzera kwa nyakwawa, yotayipa bwino, ya Chingerezi chokhachokha. Azakhali anati, "Mwana wa achimwene, iwe wa sukulu, tatiwerengera."

Ndinaiwerenga mokweza, Chizungu cha m'mphuno, kuti anzanga amene ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe amve. Panali chiganizo chakuti malo oyandikana ndi athu "will be demarcated" Lachiwiri. Mawuwo sindinkawadziwa. Koma mnyamata wa sekondale anganene bwanji pamaso pa mudzi kuti sakudziwa? Ndinati, "Azakhali, akuti adzayeza malo a anzathuwo. Ife sizikutikhudza." Lolemba kunagwa maliro kumudzi wina, azakhali anafunda chitenje napita. Pobwera Lachinayi anapeza mabikoni a simenti atakhala kale, simenti yake isanaume bwino, mizere isanu ndi inayi mkati mwa munda wawo. Chulu chija, chimene chinkabereka maungu ngati mitu ya ng'ombe, chinali tsidya lina.

Mlandu unadya dzinja zitatu. Anabwezeredwa mizere isanu ndi umodzi. Chulu sichinabwerere. Azakhali sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwawa kwambiri. Safunsa anadya phula, koma pano phula ndinadya ine, m'mimba munapweteka azakhali.

Tsono mneniyu amatanthauza chiyani? "Demarcate" ndi kuika malire pooneka, kusonyeza ndi chizindikiro pamene chinthu china chathera ndi pamene china chayambira. Pachichewa timati kudula malire, kulemba malire, kukhoma zikhomo m'malire. Chizindikirocho chikhoza kukhala bikoni, mwala, ngalande, mzere wa vetiva, mpanda wa nkhadze kapena laimu wothiridwa pabwalo la mpira tsiku la masewero. Amene amathira laimu uja akudimaketa bwalo. Kugwira kwa mawuwa kuli pa chizindikiro: munthu adzafike, aloze ndi chala, anene kuti apa.

Mukamvetsa zimenezi mwaona kale pamene ndinalakwa. Malire alibe mbali imodzi. Sungadule malire a munda wa mnzako osadula a munda wako, popeza mzere womwewo ndi mathero a iwe ndi chiyambi cha iye. Kalata yonena kuti malo oyandikana nanu adulidwa malire ikunena za malo anu.

Ana a Fomu 4, yang'anani pakati pa mawuwa. Muli kamawu kamene mumakadziwa bwino, "mark", komwe kaja ka malikisi amene aphunzitsi amakupatsani ndi cholembera chofiira. Kalekale, m'zilankhulo za makolo a Angerezi ndi Ajeremani, kamawu aka kankatanthauza malire kapena dziko la m'malire, ndipo n'komwe kali kumapeto kwa dzina la dziko la Denmark. Koma "demarcate" sanafike ku Chingerezi molunjika. Anadzera ku Spain. Mu 1493, Columbus atangobwerako ku America, mafumu a Spain ndi Portugal anayamba kulimbirana maiko amene amalinyero awo ankafikako. Papa Alexander VI anajambula mzere wochokera kumpoto kukafika kumwera pakati pa nyanja ya Atlantic: za kumadzulo kwa mzere zikhale za Spain, za kum'mawa za Portugal. Chaka chotsatira, mu 1494, maiko awiriwo anakumana ku Tordesillas nausunthira mzerewo kumadzulo, n'chifukwa chake lero ku Brazil amayankhula Chipwitikizi pamene anansi awo ambiri amayankhula Chisipanishi. Mzere umenewu ku Spain ankautchula ndi mawu akuti "demarcación". Angerezi anabwereka dzinalo m'zaka za m'ma 1700 n'kukhala "demarcation", ndipo mneni anamusema kuchokera ku dzinalo pambuyo pake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Mwana anabadwa dzina lili kale.

Choseketsa n'chakuti mzere umene unabala mawuwa palibe anaukhomera chikhomo. Unali panyanja. Ndipo eni maiko amene ankagawidwawo sanaitanidwe, monga azakhali anga.

Mneniyu ali ndi mbale wake amene amasokoneza ngakhale anthu ophunzira, "delimit". Mtanthauziramawu wamba angakuuzeni kuti ndi amodzi, ndipo poyankhula tsiku ndi tsiku ambiri amawasinthanitsa. Koma akatswiri a malire a maiko amawasiyanitsa, ndipo amene amatchulidwa kuti anatsindika kusiyanaku ndi Sir Henry McMahon, msilikali wa ku Britain amene anagwira ntchito ya malire a Afghanistan m'zaka za m'ma 1890. "Delimit" ndi kugwirizana ndi kulemba papepala kapena pamapu kuti malire adzadutsa pakuti. "Demarcate" ndi kunyamuka ndi pepalalo, kuvala nsapato, kukaika chizindikiro panthaka. Koyamba kumachitika patebulo, kwachiwiri kumachitika m'thengo, m'chitedze ndi m'minga. Mwamwambo wathu, akuluakulu akakhala pansi pa mtengo n'kumvana kuti munda wa uje uthere pa mkuyu, amenewo achita "delimit". Akadzuka, nyakwawa patsogolo, nkhoswe ndi mboni pambuyo, n'kuyenda m'malire akudzala khonje, achita "demarcate". Makolo athu ankazichita zonse ziwiri tsiku limodzi, anthu ake omwewo, n'chifukwa chake sanafune mawu awiri.

Azungu ankazichita motalikirana zaka, ndipo umboni uli pafupi. Mukaima ku Mitundu kunja kutayera, n'kuyang'ana kumadzulo chakumwera, mumaona mapiri a Dzalanyama. Pamsana pa mapiri amenewo pali malire a Malawi ndi Mozambique. Anachokera kuti? Pa 11 Juni 1891 Britain ndi Portugal anasayinirana pangano ku Lisbon, ndipo kumbali ino anati malire atsate mtunda wogawa madzi: mvula yogwa n'kutsikira ku Nyanja ya Malawi ikhale ya Angerezi, yotsikira ku Zambezi ikhale ya Apwitikizi. Papepala n'chiganizo chimodzi chosalala. Koma pitani pamtunda wa see, pamene madzi a mvula amangoima osadziwa kolowera, mukaloze pamene mzerewo ukudutsa. Panafunika magulu a masaveya, zaka ndi zaka, kuti aike mabikoni. Mabikoni ena anagwa, ena anazulidwa ndi alimi, ena anamezedwa ndi thengo. Mu 1964 atsogoleri a maiko a mu Africa atakumana ku Cairo anagwirizana kuti malire a atsamunda asasinthidwe, komabe mu 2007 bungwe la African Union linachita kukhazikitsa ndondomeko yapadera yothandiza maiko kuti aikenso zizindikiro m'malire awo, chifukwa ambiri anali olembedwa koma osaoneka. Ntchitoyi itafika m'malire athu ndi Mozambique ndi Zambia, mabanja ena anadzuka m'mawa n'kuuzidwa kuti munda umene akhala akulima uli m'dziko la eni.

Amene mumakwera minibasi kupita ku Ntcheu mumadziwa za pa Lizulu, pamene msewu weniweniwo ndiwo malire: kabichi mugula ku Malawi, mukaoloka tala n'kukagula mbatata ku Mozambique. Ndipo mwezi wa Ogasiti uliwonse mafumu a Achewa a maiko atatu amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, atanyamula mapepala odumphira mzere umene makolo awo sanaudziwe.

Za malire athu ndi Tanzania kunyanja ndingodutsapo. Pangano la Britain ndi Germany la pa 1 Julaye 1890 linati malire atsate gombe la kum'mawa, ndipo dziko la Malawi limaima pa mawu amenewo. A ku Tanzania amati malire akhale pakati pa madzi. Mkanganowo unabukanso mu 2012 nkhani ya mafuta itamveka. Uwu ndi mkangano wa "delimit". Thumba la simenti silingauthetse.

Tibwerere m'kalasi pang'ono, mafumu mundikhululukire. Chichewa chathu chimagwiritsa mawu akuti malire pa zinthu zambiri. Timati munda uli ndi malire, timatinso kuseka kuli ndi malire, kumwa kuli ndi malire, ngongole ya ku banki mkhonde ili ndi malire. Mwana akamamasulira m'mutu mwake kuchokera ku Chichewa amaganiza kuti paliponse pali malire pakhoza kulowa "demarcate", makamaka poti ndi mawu aatali omveka ngati a munthu wophunzira. Ndachongapo chimangirizo cha mwana amene analemba kuti adokotala anachita "demarcate" shuga wa agogo ake. Ndinaona m'maganizo adokotala atagwada akukhoma zikhomo mozungulira mbale ya shuga. Pamenepo pamafunika "limit", kuchepetsa kapena kuika polekezera pa kuchuluka kwa chinthu, kaya "restrict", kuletsa kapena kupanikiza kuti chinthu chisachitike momasuka. Apolisi a pamsewu amachita "limit" liwiro la galimoto podutsa pamsika pano. Alangizi a ziweto amachita "restrict" kayendedwe ka nkhumba chigodola chikabuka. Koma amene akusonyeza pamene dera la chigodolalo layambira ndi pamene lathera, ameneyo ndiye akuchita "demarcate". Njira yachidule yokumbukira: ngati funso ndi lakuti "zingati?" kapena "mpaka liti?", musamugwire mneniyu, ngati funso ndi lakuti "mpaka pati?", ndi wanu.

Amagwiranso ntchito pa zinthu zosagwirika, bola pakhale ziwiri zofunika kuzilekanitsa. Mukhoza kudula malire pakati pa ntchito ya mphunzitsi wamkulu ndi ya komiti ya sukulu. Ku Britain, mabungwe a anthu apantchito akamakangana kuti ntchito yakuti ndi ya akalipentala kapena ya owotcherera, mkanganowo amautcha "demarcation dispute". Kwathu kuno chitsanzo sichisowa: aphungu ndi makhansala akhala akukokana zaka zambiri pa ndalama za chitukuko za CDF, wina akuti mlathowu ndi wanga, wina akuti ndi wanga. Polemba, kumbukirani kuti mneniyu ndi woyambukira, amafuna pamtherankhani. Simungangoti "they demarcated" n'kuika mpumiro; wochonga adzafunsa kuti chiyani. Mperekezi wake polekanitsa ziwiri ndi "from": "The river demarcates Lilongwe from Dedza." Chiganizo chimenecho n'choona, mtsinje wake ndi Diamphwe, mumauoloka pamlatho mukapitirira Kamphata. Pogawa chinthu m'zidutswa anthu amagwiritsa "into", monga munda ukadulidwa mapuloti. Dzina lake, "demarcation", limayenda ndi "between". Mayeso akabwera, zimenezo zikukwanirani.

Pali china chimene sichidzabwera pa mayeso koma ndicho chandibweretsa. Onani mmene makalata a m'maofesi amamulembera mneniyu. Pafupifupi nthawi zonse amakhala mumsintho wochitidwa: "will be demarcated", "has been demarcated". Malo adzadulidwa malire, malo adulidwa malire. Ndi yani? Pamaso pa yani? Chiganizo chili duu. Chingerezi chimalola kuti mwininkhani abisale, ndipo chimalola kuti munthu mmodzi achite ntchitoyi yekha. Saveya akhoza kufika m'bandakucha ndi womutuma, n'kumaliza dzuwa lisanatenthe, chiganizo n'kukhala cholondola bwinobwino pa malamulo a chiyankhulo.

Chichewa chili ndi kanthu kamene Chingerezi chilibe, kamphatikiri kakang'ono ka msintho wochitirana, "-ana". Kudula, kudulira, kudulirana. "Tinadulirana malire." Simunganene mawu amenewa muli nokha, pakamwa pakukanani. Mngerezi kuti anene zomwezo amafunika kuwonjezera mawu ena atatu kapena anayi, ndipo wolemba kalata akatopa amawasiya. Ife tili nazo mkati mwa mneni mwenimwenimo. Nkhani ya malire kwa makolo inali ya "-ana": kuonetsana, kumvana, kudulirana, ndipo zikavuta, kuweruzana pabwalo. Ndikuona kuti pamene tabwereka kudimaketa tabwereka ndi khalidwe lake lomwe. Ndamvapo "tadimaketa", ndamvapo "adimaketa", koma sindinamvepo munthu akuti "tadimaketirana".

Musandimve ngati ndikunyoza bikoni. Khonje amafa, mkuyu amaudula kuotchera njerwa, chulu amachigumula kuumbira zidina, ndipo mtsinje umasuntha: dimba limene chaka chino lili tsidya lino, madzi akasefukira limapezeka tsidya lija. Amene ankadziwa malire pamtima akutha, tikuwaperekeza mmodzimmodzi. Pa kalembera wa 1966 m'dziko muno tinalipo anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17.5 miliyoni, nthaka ili yomweyo. Kale malire a munda anali tsala lotambalala lodyetsapo mbuzi. Lero ndi mzere umodzi, ndipo tonse tikumudziwa mnansi uja amene chaka chilichonse pogalauza khasu lake limaterera theka la mzere, mwangozi, kulowera kumodzi komweko. Zizindikiro zolimba zikufunika. Funso langa ndi lakuti tsiku loziika pamakhala ndani.

Boma lino la Lilongwe ndilo linayamba kulawa zimenezi. Mu 1967 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atatu a malo, ndipo limodzi mwa iwo, loona za kutukula malo a makolo, linali ndi udindo wa munthu wotchedwa "Demarcation Officer". Chaka chotsatira, 1968, inayamba pulojekiti yaikulu ya Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank, imene inalambula misewu ya m'midzi, kukumba mijigo ndi kukonza migula yoteteza nthaka. Kumadzulo kwa bomali pulojekitiyi inadula malire a malo a mabanja n'kuwalembetsa, ndondomeko imene anthu amaidziwa ndi dzina lakuti ndunda. Malo a mbumba yonse ankalembedwa m'dzina la munthu mmodzi woimira banja. Malire akunja anaoneka bwino. Koma mkati mwa ndundamo, pakati pa munda wa mlongo ndi wa mlongo mnzake, munalibe bikoni, ndipo m'mabanja ena woimira uja, kapena ana ake iye atamwalira, anayamba kuliona pepalalo ngati lawolawo. Apa pali phunziro lina la tanthauzo: "demarcate" amangonena pamene malo athera. Sanena kuti mwini wake ndani. Zimenezo zili ndi mneni wina ndi pepala lina. Munthu akakuuzani kuti "malowa ndi anga chifukwa ndinadimaketa", wakuuzani kuti anagula simenti.

Lamulo latsopano la malo a makolo, la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, linayesa kutseka mipata ina. Linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, gulupuyo kukhala wapampando, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Linayesedwa koyamba m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. M'ndondomeko yake, kudula malire kumayendera limodzi ndi kumva madandaulo ndi kutsimikiza eni malo, anansi alipo. Amayi a m'makomiti muli pano, mipando itatu ija sanakupatseni kuti muzikaphika tiyi. Kuno kwa Chadza, kwa Kalumba, kwa Mazengera, kwa Chiseka, minda yambiri ndi ya kuchikazi. Amene amadziwa kuti mzere wa malire ndi uti ndi mayi amene wakhala akupalira pamenepo chikhalire, koma amene amathamangira kutsogolo galimoto ya masaveya ikaima ndi atsibweni ndi akamwini, poti ndiwo amayankhulako Chingerezi. Imani patsogolo. Mukaona kuti mnansi wa mbali ina palibe, nenani kuti chingwe chidikire.

Mneniyu mwamumvanso pa wailesi pa nkhani ya chisankho. Pa chisankho cha 1994 tinali ndi madera a aphungu 177. Mu 1999 anakhala 193, ndipo anakhala choncho zaka zoposa 20, anthu akuchuluka, ena akusamukira m'tauni, mpaka phungu wina ankaimira anthu ochuluka kangapo kuposa mnzake wokhala naye benchi imodzi. Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko limapatsa bungwe loyendetsa zisankho la MEC ntchito yoonetsetsa kuti madera akhale ndi ovota ofanana chiwerengero momwe zingathekere, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje. Bungweli linaunikanso malire mu 2021 ndi 2022, ndipo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 madera anali 229. Ntchito imeneyi ku Malawi timakonda kuitcha "demarcation", ngakhale palibe bikoni imene imakhomedwa. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe ntchito yomweyo amaitcha "delimitation", pamene ku South Africa bungwe lodula malire a makhonsolo lili ndi "demarcation" m'dzina lake. McMahon akanagwirizana ndi a ku Zambia. Ndikunena izi kuti ana musadzakangane ndi munthu pachabe: mawu amatsata chizolowezi cha dziko, ndipo wolemba wanzeru amayang'ana amene akumulembera. Koma ngakhale pamenepa nkhani ya "-ana" ilipo. A MEC anayenda m'maboma kuchititsa misonkhano yomva maganizo. Ndi angati muno anapitako? Ndikuona manja awiri. Enafe tinadzadzidzimuka pa tsiku lolembetsa, kumva kuti mudzi wathu uli dera lina.

Ndili ndi pempho kwa a m'maofesi, ndipo mafumu mukandiperekere kumene mumafika ine sindifikako. Kalata iliyonse yonena za kudula malire ibwere ndi Chichewa chake, ndipo Chichewacho chinene poyera tsiku, malo, ndi kuti oyandikana nawo onse akhalepo. Si ntchito yaikulu, ndi mizere itatu. Kwa inu makolo, chimanga chikalowa m'nkhokwe, mvula isanagwe, itanani mnansi wanu muyende m'malire muli awiri, mutenge ndi ana, a iye ndi anu, aone ndi maso pamene mukuloza. Mlandu suola, ndipo wa malire umadikira maliro anu kuti udzuke.

Ana a Fomu 4, kumudzi kwanu inu ndinu owerenga makalata. Agogo akakupatsani pepala n'kupezamo mawu amene simukuwadziwa, nenani kuti simukuwadziwa, mukafunse aphunzitsi, sukulu ili pompano. Mukapezamo "demarcate", musawerengenso kawiri: funsani tsiku lake, muwauze agogo kuti tsiku limenelo asachoke pamudzi.